A Laurenti Anati Pitani

Khoma lolekanitsa chipinda changa ndi cha a Laurenti ndi la njerwa imodzi, ndipo silifika kudenga. Kumwamba kuli mpata woti mphaka n'kudutsa osagunda mchira. Ndayambira pamenepa dala, kuti pasapezeke wondikomera mtima n'kumati mwina mayiyu sanamve. Pa puloti ya Mayi Zeinabu kuno ku Ndirande, munthu akayetsemula m'chipinda chachitatu, wa m'chipinda choyamba amadziwa kuti chimfine chafika. Ine ndine Olive, amake Tionge, ndimaluka tsitsi pakhonde. Bambo amenewa ndinakhala nawo khoma limodzi zaka khumi ndi chimodzi.

A Laurenti anali okhoma zidebe, mbaula, ziwaya ndi zitini zothirira m'dimba. Anali munthu wamfupi, wa makutu olemera pang'ono chifukwa cha phokoso la ntchito yawo, ndiye ankayankhula mokweza ngati muli nawo kutsidya lina la mtsinje. Anabwera m'tauni muno ali mnyamata, pa sitima yochokera kwawo ku Nsanje, n'kupeza ntchito pa kampani ina ya ku Makata yopanga ndowa ndi mapoto. Kampaniyo itatseka, anzawo ena anabwerera kumudzi, ena analowa ulonda. Iwo anagula hamala, sizasi yodulira malata ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, chimene ankati anachikankha pa wilibala kuchokera ku Limbe. Ulendo wa wilibalawo unkatalika chaka ndi chaka. Pomwe ndinkaimva komaliza nkhaniyo, njanjiyo inali itachokera ku Luchenza.

Poyamba ankakhomera kumsika pamodzi ndi anzawo, koma mawondo atayamba kuwavuta anasamutsira ntchito pakhomo. Kukacha bwino ankakhala panja. Kukakhala mvula kapena chiperoni ankakokera njanji ija mkati, chifukwa kuzizira kwa Blantyre sanakuzolowere mpang'ono pomwe. Chipewa cha ubweya ankachivala Epulo n'kudzachivula Seputembala. Za phokoso tinkadandaula ndithu, ndipo wotsogolera madandaulowo ndinali ine. Koma khutu limazolowera. Kukhoma kwawo kunali ndi kayendedwe kake, katatu mopepuka, kamodzi mwamphamvu, katatu mopepuka, kamodzi mwamphamvu, ndipo zala zanga zinkatsatira momwemo pamutu pa kasitomala ine osazindikira. Akasiya ndinkadziwa kuti yakwana thwelofu, akuwiritsa tiyi.

Ndowa za pulasitiki zinawalanda makasitomala ambiri, koma mbaula zinawasunga. Magetsi akazima masiku awiri otsatizana, a Laurenti ankayenda ngati akwezedwa pantchito. Sanali munthu wa zambiri. Pampopi ankafika oyamba, Lamulungu lililonse ankavala jekete lawo limodzi lomwelo kupita ku Misa, ndipo nsomba iliyonse ya kumsika ankainyoza kuti siifika pa mlamba wa kwawo. Ine anandikhomera kabokosi kachitini kosungiramo zipeso ndi singano, kamene ndikusungirabe zipeso mpaka lero. Mayi anga atagonekedwa kuchipatala chachikulu, ine ndili gadiyani, bambo amenewa anabwera kawiri wapansi kudzationa, nthochi zili m'kajumbo, ndi mawondo omwe aja.

Akazi awo anamwalira ine nditakhala pa pulotipo zaka ziwiri. Nyumba imene anamanga kumudzi, yoti akapumiremo akadzakalamba, inapita ndi madzi osefukira a 2015, ndipo munda unasanduka mchenga. Kwawo kunangotsala mlongo wawo mmodzi ku Bangula. Mwana wawo yekhayo, Petronela, anakwatiwa ku Machinjiri, amagwira ntchito m'shopu ku Limbe, ndipo ankabwera Lamulungu la kumapeto kwa mwezi ndi kapaketi ka shuga. Chimene a Laurenti ankaopa pa dziko lino chinali chimodzi: kudzanyamulidwa ngati thumba kupita ku Bangula, kukakhala pansi pa mtengo, kumadikira kuti mlongo wawo awaitane kudzadya. Imfa sankaiopa choncho. Ankakweza dzanja lawo lamanja, lodzaza ndi zipsera za malata, n'kunena mokweza monga mwa nthawi zonse.

"Munda wanga ndi uwu, amake Tionge. Mudzi wanga ndi uwu. Ili likugwira, palibe wondikweza basi."

Panali nkhani ina imene ankaikonda kuposa ya wilibala. Ankati atangopeza kanyumba koyamba m'tauni muno, anzawo atatu a kutchalitchi anabwera kudzawaona. Iwo anali atagula buledi, tiyi ali pamoto. Alendo atachita odi pakhomo, a Laurenti anayankha ndi chimwemwe chonse kuti pitani, pitani. Alendo aja anayang'anizana n'kutembenuka, ulendo. Buledi anadya okha masiku atatu, akudabwa kuti anthu a m'tauni ndi otani. Patapita sabata ndi pomwe wina anawamasulira. Ku Chisena kupita ndi kulowa, ndiye Msena akati pitani akukuitanira m'nyumba, pomwe kwa ife akuthamangitsa. Kuyambira pamenepo anaphunzitsa lilime lawo kunena kuti lowani, koma nkhaniyo sanaisiye. Aliyense wosamukira pa pulotipo ankaimva asanamalize kutsitsa katundu. Ine ndikapita kukapempha moto kapena kukapereka mbaula yothyoka mwendo, ankandiseka kuti pitani, amake Tionge, pitani wa kwathu, osati wa kwanu.

Choncho mawuwo ndinkawadziwa. Kingsley, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amakhala mbali inayo ya a Laurenti, ankawadziwa. Mayi Zeinabu, eni puloti, anaimva nkhaniyo zaka zambiri kuposa tonsefe.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Julaye chaka chatha. Chiperoni chinali chitatseka phiri lonse la Ndirande, kamvula kakuwaza kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa. Zitseko zonse pa pulotipo zinali zotseka. Ine ndinali pakhonde ndi mtsikana wina wa ku Chilomoni amene ankafuna meshi yaitali ya ukwati wa mkulu wake, ntchito ya masiku awiri. A Laurenti ankakhomera mkati. Cha m'ma naini hamala inasiya pakati pa kayendedwe kake, kenaka tinamva ngati mulu wa malata wagwa, chidebe n'kugubuduka mpaka kukagunda khoma. Kunakhala zii kwa kanthawi. Kenaka kugogoda kunayamba, koma kwina. Kamodzi, n'kudikira, kamodzinso, n'kudikira nthawi yaitali.

Mtsikana uja anandifunsa ngati kumeneko kuli bwinobwino. Ndinamuuza kuti ndi ntchito yawo, amakhoma zidebe. Patapita theka la ola anafunsanso, akuti kukhoma kwake sikukumveka ngati kwa m'mawa kuja. Mwana wa eni, wobwera tsiku limodzi, anamva kusiyanako. Ndinadzuka chifukwa cha manyazi, osati chifukwa cha chifundo. Ndinaima pachitseko chawo manja ali ndi mafuta a tsitsi.

"Odi, a Laurenti."

Ndinabwereza.

"Odi kuno."

Yankho linabwera mochedwa, lolemera ngati la munthu amene ali ndi phala lotentha m'kamwa. "Pi... ta... ni."

Mawuwo ankachokera pansi. Sanachokere pa msinkhu wa munthu wokhala pampando kapena wogona pabedi, ankatulukira kunsi kwa chitseko, pafupi ndi mapazi anga. Zimenezo ndinaziona bwinobwino. M'mutu mwanga munaima matanthauzo awiri, la kwawo ndi la kwathu, ndipo ndinasankha limene linkandilola kubwerera pa mpando wanga.

Zifukwa ndinali nazo zodzaza dengu. Kuno wopeza wodwala ndiye mwini wodwala. Ukatsegula chitseko, ndiwe wofuna galimoto, ndiwe woyankha mafunso a anamwino, ndiwe wogona pa simenti ya kuchipatala mpaka achibale atapezeka. Ine simenti imeneyo ndinali nditaigonera miyezi itatu ndi mayi anga, ndipo pobwerako ndinapeza makasitomala anga atazolowera manja a ena. Ndinali wotopa, kutopa kumene tulo sitichotsa. Komanso amuna anga, a Allan, ali ku Joni chaka chachinayi, ndipo mkazi wa munthu wa ku Joni akalowa m'chipinda cha bambo wopanda mkazi, nkhani imafika kumeneko iye asanatuluke. Zonsezi ndi zoona. Ndazipenda kambirimbiri, ndipo palibe chimodzi chimene chikanandiletsa kukankha chitseko ndi chala n'kusuzumira. Ndinabwerera pakhonde n'kuuza mtsikana uja kuti akuti tipite, sakufuna zosokonezedwa. Anaweramitsa mutu, ine n'kupitiriza mzere umene ndinasiyira.

Kugogoda kuja kunapitirira tsiku lonse, kumasiya, kumayambanso. Dzuwa likulowa Kingsley anafika ndi njinga yake, akufuna kubwereka pulayala. Ndinamumva akuchita odi, madala, odi. Anabwera kwa ine akuseka, akuti madala amuthamangitsa, kaya muli mlendo mmenemo, nkhalamba za masiku ano zosadalirika. Ndinaseka nawo. Kusekako kunandipepuza mtima, chifukwa tsopano tinali awiri amene tinauzidwa kuti tipite.

Lachitatu m'mawa pampopi panalibe chidebe cha a Laurenti. Mayi Zeinabu anaona zimenezo. Mayi amenewa si munthu woipa, ndisawanamizire. Kukagwa maliro m'dera lino amafika oyamba, ndipo mwezi wa Ramadani amatumiza chakudya chitseko chilichonse osafunsa kuti umapemphera kuti. Ndi mayi wa ulemu wake, woti ngakhale mwana wamng'ono amamuyankha kuti wawa. Anapukuta manja n'kupita kukachita odi katatu. Atabwerako anaima pampopi n'kutiuza kuti bamboyo wayankha, koma akuti tipite.

"Munthu wamkulu akakuuza kuti pita, umapita," anatero. "Nyumba ndi yanga, koma chitseko ndi chake."

Tonse tinavomereza kuti akunena zoona. Wina anati mwina ndi malungo, munthu akadwala malungo safuna phokoso. Wina anati Asena ndi anthu osunga zawo mumtima. Palibe amene anatchula nkhani ya buledi wa masiku atatu, ngakhale ndikukhulupirira kuti aliyense inamudutsa m'mutu, chifukwa tinkayankhula osayang'anana m'maso. Odi wa mnzako ankakhala ngati wakuchotsera mlandu. Mayi Zeinabu anati bwenzi wina atamuimbira Petronela. Nambala yake ndinali nayo ine. Ndinati ndilibe mayunitsi, ndipo zinali zoona, koma bandulo ya WhatsApp inalimo, ndinaonera mavidiyo a masitayilo a tsitsi tsiku lomwelo. Kingsley anati amuflasha akafika pa siteji. Madzulo sindinamufunse ngati anaflasha, iyenso sanandiuze.

Mwambi woti mnzako akapsa ndevu m'zimire tonse timaudziwa. Timaunena bwino kwambiri pa maliro, titavala zitenje zofanana.

Masana a Lachitatu kugogoda kunachepa mphamvu. Kunkamveka ngati nkhuku ikujompha pa chitini. Pa mpata wa kudenga uja kunayamba kubwera fungo la mkodzo. Ndinasuntha mpando wanga kupita nawo kumapeto kwa khonde, n'kuuza mtsikana wa ku Chilomoni uja kuti kuno kulibe mphepo. Ndinakweza wailesi. Meshi ndinaimaliza cha m'ma folo, ndipo inaoneka bwino, anandiyamikira. Pochoka anayang'ana chitseko cha a Laurenti, n'kundiyang'ana ine. Nayenso anapita.

Lachinayi kunacha kopanda kugogoda kulikonse. Ndinasesa pakhonde mpaka malire a chitseko changa.

Cha m'ma eyiti kunatulukira Mirriam. Mirriam amakazinga tchipisi pa siteji ya maminibasi, ndipo m'dera lino ndi amene timaphunzitsira ana athu za munthu wopanda mwambo. Amalowa m'nyumba za eni osachita odi, amavundukula mapoto, amaitana akuluakulu ndi maina awo. Lolemba anasiya chiwaya chake chobooka kwa a Laurenti, iwo n'kumulonjeza kuti Lachiwiri madzulo amubweretsera pa siteji. Masiku awiri anakhala osakazinga. Anayambira pageti kulalata, kuti madala amenewa akuona ngati iye amadya malonjezo. Ndinamuuza kuti atsitse mawu, bamboyo sakupeza bwino ndipo akuti anthu azipita.

"Azipita ndani? Chiwaya changa chili mmenemo."

Anakankha chitseko ndi phazi. Sichinali chokhoma, ngakhale kabawuti sikanali kolowetsa. Chinangotseguka.

Chiyambireni kumudziwa Mirriam, tsiku limenelo ndi limene ndinamumva atatsitsa mawu. Anaima pakhomopo kanthawi, kenaka anandiitana motsitsa, Olive, tabwera.

A Laurenti anali gone pa simenti pakati pa njanji ndi bedi, atagonera mbali ya kumanja, dzanja lamanja lili pansi pa thupi lawo. Chipewa cha ubweya chinali chitagwera patali. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, milomo itang'ambika ndi ludzu, buluku litanyowa n'kuuma n'kunyowanso. Chidebe cha madzi chinali poteropo, mwina mikono iwiri kuchokera pamutu pawo. Dzanja lamanzere linali litagwira chivundikiro cha poto. Pakhoma, pamene chivundikirocho chinkafikira, pulasitala anali atagumuka malo aakulu ngati mbale. Khomalo linali langa. La Kingsley linali pafupi chimodzimodzi, koma iwo ankagogoda langa. Maso anali otsegula, ndipo ndinaona kuti andizindikira.

Mirriam anagwada n'kuwanyamula mutu. Anafunsa kuti agwa liti. Anthu anali atadzaza kale pakhomo, ndipo Mayi Zeinabu ananena motsitsa kuti tinachita odi, tonse tinachita odi.

"Odi," anatero Mirriam. "Munthu ali pansi, inu mukuchita odi."

Kuchokera pamenepo pulotiyo inasanduka ya anthu achifundo okhaokha. Wina anabwera ndi madzi ofunda, wina bulangete, ine ndinavula chitenje n'kuwafunditsa. Kingsley anathamanga ndi njinga yake n'kubwera ndi pikapu ya bambo wina wogulitsa makala. Petronela tinamuimbira pa foni yanga yomwe ija, mayunitsi atapezeka. Zimene tinaziopa masiku awiri zinatenga nthawi yosakwana theka la ola. Amene anakwera nawo kumbuyo kwa pikapu, atawagoneka pamiyendo pake, anali Mirriam, chiwaya chake atachisiya pomwepo.

Kuchipatala anati ndi sitiroko, BP inakwera. Anakhalako masabata atatu. Mwendo unabwerera pang'ono, ankatha kuukoka atagwira ndodo. Mawu anayamba kubwera limodzilimodzi, ambiri a Chisena, ndipo anamwino anauza Petronela kuti zimachitika, lilime likavulala limathawira kwawo. Dzanja lamanja silinabwerere. Adokotala anamuuza kuti matendawo analifooketsa, koma kuligonera masiku awiri pa simenti yozizira ndi kumene kunalimaliza, ndipo akanafika tsiku lomwelo mwina nkhani ikanakhala ina. Anati mwina. Mwina ameneyo ndimamutembenuza uku ndi uku ndikamaluka, tsiku lina amandichepetsera mlandu, tsiku lina amandiwonjezera.

Sabata yoyamba a Laurenti ali m'chipatala, Petronela anabwera kudzatenga zovala ndi bulangete lina. Tinasonkhana pakhomo kudzapepesa, monga timachitira. Anatimvetsera akupinda malaya a bambo ake, kenaka anafunsa ngati masiku awiri onsewo bambowo sanaitane munthu. Mayi Zeinabu anafotokoza ndi mtima woona kuti tinabwera, aliyense pa nthawi yake, koma bambowo ankati pitani. Petronela anasiya kupinda. Sanayang'ane Mayi Zeinabu kapena Kingsley. Anayang'ana ine, amene ndinamuluka tsitsi la ukwati wake pakhonde lomweli, bambo ake akutiseka kuti tamusandutsa chinanazi.

"Anti Olive," anatero. "Inunso? Pitani wa bambo simukumudziwa?"

Sanakweze mawu. Ndinayang'ana pansi, iye n'kupitiriza kupinda malaya. Akanandilalatira ngati Mirriam bwenzi zili bwinoko, bwenzi ndinapeza poyankhira.

Atawatulutsa m'chipatala anawabweretsa m'chipinda chawo chomwechi kwa masiku angapo, achibale akukambirana. Ku Machinjiri kunalibe malo, zipinda ziwiri, ana atatu, ndipo nyumbayo ili pamtunda pofika ndi masitepe amiyala. Petronela akanasiya ntchito, onse akanagona ndi njala. Mlongo wawo wa ku Bangula anati abwere, mtengo wa mthunzi ulipo pakhomo. Nkhaniyo ankakambirana a Laurenti ali pomwepo, ndipo ine ndinkamva zonse pa mpata wa kudenga. Sindinamve liwu lawo ngakhale kamodzi. Hamala ndi sizasi anapatsa mnzawo wina wa kumsika. Njanji inasowa woinyamula, anangoikokera panja pafupi ndi mpopi, pamene amayi amatsukirapo mapoto tsopano.

Masiku amenewo ndinkaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa uliwonse n'kumupatsira Petronela pakhomo. Ankalandira, ankathokoza, mbale inkabwerera yotsukidwa. Kulowa ndinkalephera. Ndinkadziuza kuti ndidikire apezeko mphamvu, ndipo ndinazindikira kuti ndayambanso kudzaza dengu lija.

Anachoka Loweruka m'mawa. Galimoto inaima pageti, Kingsley akukweza matilesi ndi zikwama, akugwira ntchito mwakhama ngati wolembedwa. Ine ndinasamba, n'kuvala chitenje chatsopano, n'kutenga paketi ya shuga. Mawu ndinali nditawakonza sabata yathunthu. Ndinkafuna kuwauza kuti ndinamva, kuti ndinadziwa tanthauzo lake, kuti sindikupempha kuti aiwale. Chitseko chinali chotsegula theka. Ndinaima pomwe ndinaima Lachiwiri lija.

"Odi, a Laurenti."

"Pitani."

Ulendo uno sindinadikire. Ndinavula patapata n'kulowa msangamsanga, ndipo ndisabise, mumtima ndinadziyamikira pang'ono kuti ndaphunzira. M'chipindamo munali mopanda kanthu, pokhapokha bedi lopanda matilesi ndi dzenje lija pakhoma. A Laurenti anali atakhala pa mpando wawo wokhomera, atavala jekete la ku Misa ndi chipewa cha ubweya. Anali atachepa. Dzanja lamanja linali pamwendo, zala zitapindikira mkati ngati phazi la nkhuku, zipsera za malata zikuonekabe. Petronela anali pakona akumanga chikwama chomaliza.

Ndinagwada patsogolo pawo n'kuika shuga pansi. Ndinayamba kuti a Laurenti, ine ndabwera kuti, koma mawu a sabata yonse aja anathera pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pankhope pawo panalibe mkwiyo, ndinaufunafuna osaupeza, panali kutopa kokhakokha. Kenaka anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, lomwe linagogoda khoma langa masiku awiri, n'kuloza chitseko kumbuyo kwanga.

"Pitani," anatero, liwu lililonse lomveka bwino.

Ndinayang'ana kwa Petronela. Anapitiriza kumanga chikwama, ndipo panalibe choti amasulire. Bambo ake anali atayankhula Chichewa, chiyankhulo changa, chimene ndinasankha ndekha kumva. Ndinadzuka, n'kuvala patapata zanga pakhomo, n'kupita.